Mankhwala a M'kambale

Chiosya, Mchinji
Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Fanuel,

Landira moni wa kwanu kuno. Kodi uli bwanji ku Joniko, m'labu mwako muja moyesera mankhwala? Ife tilipo, mvula ili pafupi, koma ine mtima suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa pa foni umandidula ndisanamalize.

Voisi ija unajambula pa foni n'kutumizira amayi yatiika m'madzi. Unati mankhwala amene mukuyesa apha pafupifupi maselo onse a chotupa cha mu ubongo, ngati cha abambochi, m'kambale kagalasi. Za kambalezo amayi zinawadutsa. Iwo anangomva kuti mwana wawo wapeza mankhwala a abambo ake. Lachinayi anapita nayo foni ku Mvano, azimayi onse anaimvera, nthungululu mpaka kumsewu. Pano ngakhale akabaza a pa Kamwendo akundifunsa kuti adokotala afika liti.

Ukudziwa kuti abambo akuyenera kubwerera ku Lilongwe kukalandira kemo, mankhwala a khansa aja. Amayi akanitsitsa. Akuti mankhwala a kumeneko amangowasanzitsa ndi kuwafoola, bola kudikira a Fanuel pa Khirisimasi. Ndinalongedza chikwama cha abambo, amayi anamasula. Ndinalongedzanso, anakachibisa m'chigafa cha fodya.

Ndinawafotokozera amayi zimene unandiuza ine, kuti m'kambale maselo amakhala pambalambanda, pomwe ubongo uli ndi mpanda wake wotchinga mankhwala, ndiponso kuti anuwo simunawayese n'komwe ngakhale pa mbewa zanu zoyera zija. Anandiyankha kuti ndili ndi nsanje poti sukulu ndinalekezera panjira. Zinandiwawa, Fanuel. Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Abambo akufooka. Mutu ukuwapweteka m'mawa uliwonse, ndipo dzanja lamanzere silikugwiranso kapu. Dzulo anaumirira kuti ndiwaperekeze kudimba akaone nazale ya fodya. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mbande, zobiriwira bwino. Kenako anandifunsa ngati mankhwala akowo akadali pa nazale kapena anawokeredwa kale kumunda. Ndinati akadali pa nazale. Anati ndiye kuti fodya ameneyo si wa chaka chino, ndipo mwina si wawo.

Ndiye abambo akudziwa. Koma akuti sangakwere minibasi kusiya mkazi wawo akulira kuti anyoza mwana. Akuti amene anamanga mfundo ndiye amasule.

Sindikukudzudzula, ayi. Unasangalala ndi ntchito yako, n'kufuna kuti amayi asangalale nawo. Koma masiku akupita, ndipo ine ndikuopa. Voisi ina usatumize, amayi adzangoti ndakuuza zonena ndine. Bwera wekha. Ukhale nawo pamphasa, uwayang'ane m'maso, uwauze kuti mankhwalawo ulibe.

Ndikukudziwa, kufika chimanjamanja umachita nako manyazi kuyambira kalekale. Abambo nawo akukudziwa. Akuti ndikuuze kuti nazale yakoyo usaleke kuithirira, adzakolola ena. Iwo akungofuna kuti udzawanyamulire chikwama popita ku Lilongwe.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Millicent ndi ana. Mulungu akusunge ndipo akufulumizitse mapazi. Chikwama chija ndachipeza, ndachiika pafupi ndi chitseko.

Ndine mlongo wako,
Consolata