Mphukira za Tomato wa Enifa

Lolemba, 3 September 2012

Lero ndatsikira kudimba koyamba chiikireni mkazi wanga Enifa m'manda. Malita, mng'ono wake, ndi amene wakhala akuthirira. Sindinamupemphe.

Ndaima nthawi yaitali pamzere wa kumtsinje. Mitengo yambiri ya tomato yafota monga mwa chaka chilichonse. Koma umodzi uja Enifa anaumanga kansalu asanagone m'chipatala uli chiimire, masamba obiriwira, matimati akuluakulu ngati chibakera. Aawisi onse.

Lachitatu, 5 September

Ndikulemba kuti mutu usazungulire.

Zaka zonsezi ine ndi Enifa timafuna chinthu chimodzi. Tomato wa m'sitolo amabereka zikuluzikulu, koma dothi la kuno ku Lirangwe limamufotetsa asanafike pena paliponse. Katomato ka amayi ake, kaja makolo awo anabwera nako kuchokera ku Mozambique, sikafota, koma timatimati take ngati maso a nkhuku. Alangizi ena anationetsa kutenga mungu wa duwa lina n'kuupaka pa lina. Manja angawa ndi okhakhala, maluwa amathothoka. Enifa ndi amene ankachita, ndi singano, lilime lili panja.

Ana oyamba a mitundu iwiriyi anatuluka ofanana onse. Njere zawo titafesa, chisokonezo: wina wamtali, wina wamfupi, wina wozungulira, wina ngati dzira. Ndipo chaka ndi chaka, wamkulu amafota, wolimba amachepa. Ine ndinati zinthu ziwirizi zinamangidwa pamodzi, tisiye. Iye anati, "Zikanamangidwa zedi, bwenzi ena akutuluka apakatikati? Fesani basi."

Chaka chino watuluka mmodzi. Wamkulu, wosafota. Mwiniwake anangoona maluwa.

Loweruka, 8 September

Alamu a Thomson abwera m'mawa. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo. Akuti akuluakulu agwirizana kuti andisudzule Loweruka likubwerali, ndibwerere kwathu ku Chileka. Mwana ine ndi Enifa tinalibe, ndiye palibe chondisungira pamudzi wa eni ake. Dimba alipereka kwa Miracle, mdzukulu wawo, ndipo mwamuna wake akufuna kudzala chimanga chachiwisi madzi asanaphwe mumtsinje.

Ndinati, "Alamu, nyumba, mbuzi, zonse tengani. Ndikupempha mtengo umodzi wokha, mpaka matimati apse ndichotse njere."

Anandiyang'ana mwachisoni ndithu. "Alamu, tomato ndi tomato. Mukagula wina ku Chileka. Mukachedwa kuno anthu ayamba kuyankhula, makamaka poti mlamu wanu Malita sali pabanja."

Zoterozo sindinaziganizepo n'komwe.

Lamulungu, 9 September

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Nyimbo sindinaimbe.

Lachiwiri, 11 September

Ndathyola timati limodzi n'kulidula. Njere zoyera, zofewa, zikuphwanyika ndi chikhadabo. Sizingamere. Ndangoliwononga.

Malita anandipeza ndili choncho. Anaima patali, keni yothirira ili m'manja. Akuti ayesa kuulondera mtengowo ine ndikapita, koma mwamuna wa Miracle wabwereka kale anyamata olima. "Alamu, ine mawu anga pamudzi pano ndi ochepa, mukudziwa."

Ndikudziwa.

Lachinayi, 13 September

Ndimasadzira mtengo uja, kuchotsa mphukira za m'khwapa monga timachitira nthawi zonse. Nditaziponya mungalande, ndinaona zina zimene Malita anataya pamatope masiku apitawo. Imodzi yagwira. Yaimika mutu.

Ndinakhala pansi. Njere zimatha kusintha, mwana osafanana ndi kholo, tavutika nazo zaka. Koma mphukira ndi mtengo womwewo. Sisintha kanthu.

Zimene ndinataya ndazitolanso.

Loweruka, 15 September

Andisudzula. Mawu anali abwino: ndinasunga mwana wawo, sindinamumenyepo, ndinamudwazika mpaka mapeto. Apongozi analira, ine ndinangoyang'ana pansi.

Tisanayambe ndinali nditapita kale kudimba ndi lezala. Ndadula mphukira zonse zimene mtengowo ukanatha kupereka, ndazikulunga m'chiguduli chonyowa. Kansalu kaja ndakasiya pomwepo, ndi kake.

Muminibasi kondakitala amafuna kuponya chigudulicho kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Ndakana. Ndachinyamula pamiyendo mpaka pa Lunzu, buluku lonse kunyowa. Mayi wina anafunsa ngati ndi mankhwala.

Lamulungu, 16 September

Kwa achemwali a Magret. Andipatsa chipinda chosungiramo chimanga. Mphukira ndaziika m'mabotolo a madzi kuseri kwa bafa, pamthunzi. Zonse zaweramitsa mitu.

Ndege zikamatera mabotolo amanjenjemera.

Lachitatu, 19 September

Uthenga pafoni kuchokera kwa Malita. Anyamata aja alima dimba lonse dzulo. Anawapempha asiye mtengo umodziwo, mnyamata wina sanamve, khasu linadutsa.

Ndiye watsala ndi wa m'mabotolowa basi. Zingapo zada kumunsi, zikununkha. Ndazitaya, ndasintha madzi.

Achemwali akuti, "Achimwene, inu mukudya ngati mbalame. Mutsatira mkazi wanu."

Lachisanu, 21 September

Nkhuku za oyandikana nawo zagwetsa mabotolo awiri ine ndili kuchigayo. Ndinakalipa mpaka ana kuthawa. Manyazi pambuyo pake. Zatsala zochepa kwambiri, ndazikweza padenga la khola.

Lolemba, 24 September

M'mawa achemwali anandiitana ndili m'chipinda. "Tabwerani muone, zaola kapena? Zatuluka tinthu toyera."

Ndinatsitsa botolo, ndinaliyang'anitsa padzuwa. Mizu. Tating'ono ngati ulusi, kuzungulira tsinde lonse. Botolo linanso chimodzimodzi.

Achemwali anandiyang'ana, kenaka anayang'ana kuseri kwa nyumba kumene amadzala mpiru wawo.

"Pofunika malo aakulu bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi manja.

"Zulani mpiruwo," anatero. "Koma muyambe mwamwa phala."