Kiyi wa Aphunzitsi ndi Mitu ya Akakombo Yozulidwa

KOMITI YA DIMBA LA MALUWA
Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi
Malo: Shedi ya zida, kuseri kwa dimba
Opezeka (6): Wapampando, Mlembi, Anamwino, Akalipentala, Aphunzitsi ndi akazi awo. Panalinso mlendo, mayi wofufuza zomera wa ku koleji.
Osapezeka (1): Atelala, atupa mwendo.

1. Mitu yozulidwa
Mlembi anafotokoza kuti pa mitu 310 ya akakombo, Aphunzitsi anazula 46 poyesa ndi anyezi, ndipo 19 inatemeka ndi khasu. Aphunzitsi ndiwo anayambitsa dimbali, koma tsopano akudwala matenda oiwala. Akalipentala anati alandidwe kiyi: "Mawa adzatikazingira ndi matimati." Awiri anaseka. Akazi a Aphunzitsi sanaseke. Anati njira yokhayo imene bambowo amaikumbukira m'mawa ndi ya kudimba.

2. Mawu a mlendo
Mlendo anati mutu wa duwa sungathawe mfuko kapena mbozi, choncho chomeracho chimapanga madzi owawa kuchokera ku chakudya chake, n'kuwasunga m'mutumo. Ku mitundu ina ya maluwa otere amayengako mankhwala ochepetsa kuiwala, ngakhale sachiritsa. Iye akufufuza ngati mutu wovulala umapanga madzi ochuluka, ndipo anapempha 19 ija. Akalipentala anati, "Ndiye kuti achimwene atigwirira ntchito ya koleji?"
Akazi a Aphunzitsi anafunsa ngati angawiritse mutu umodzi kunyumba. Anamwino anati, "Ayi, achemwali, ndi poizoni ameneyo!" Anadzipereka kuperekeza Aphunzitsi ndi akazi awo kuchipatala kukafunsa za mankhwalawo, ndipo komiti inathokoza.

3. Chigamulo
Manja asanu anavomereza kuti Aphunzitsi asunge kiyi, koma azibwera ndi wina. Akalipentala, amene anakweza dzanja pomalizira, anatenga Lolemba kukhala tsiku lawo lobwera ndi Aphunzitsi. Mitu 27 ibzalidwenso.

4. Zina ndi zina
Aphunzitsi, amene ankangoyang'ana pawindo, anafunsa kuti anabzala maluwawo ndani. Wapampando anati, "Ndinu, bambo." Iwo anapukusa mutu nati, "Mukamuona mumuthokoze, mizere yake yawongoka." Komiti inagwirizana kuti kuthokozako kulembedwe. Kwalembedwa pano.

Msonkhano wotsatira: 11 Juni. Wapampando anatseka 4 koloko masana, ndipo Aphunzitsi anakhoma shedi ndi kiyi wawo.

Wapampando: ____________
Mlembi: ____________