Nyumba Yanga ya mu Laputopu

Winterveld, Pretoria
9 Juni 2024

Okondedwa Achemwali Hajira,

Asalamu alaikum. Ndalemba papepala chifukwa pafoni mawuwa sindingathe kuwanena. Muwerenge muli nokha.

Nyumba ija ndakhala ndikutumiza zithunzi zake, ya khonde lalitali ndi mawindo akuluakulu, kulibe. Ndimagona m'kachisakasa ka malata, bafa timalandizana mabanja anayi.

Zinayamba ngati masewera. Yobu, mnzanga wa kufakitale ku Rosslyn, anandiikira gemu yomanga nyumba mu laputopu yanga yakale ija. Nyumba ndinamangadi, koma imaoneka ngati chidole. Ndiye anandionetsa masheda, timapulogalamu toika mu gemu kuti kuwala kuzioneka kwenikweni. Liuma langa mukulidziwa. Poyamba mithunzi inada bii ngati makala, laputopu n'kutentha mpaka kuzima. Ndinachepetsa apa, kuwonjezera apo, masabata atatu athunthu, mpaka dzuwa linagwa pakhondepo monga limachitira kwathu nthawi ya swala ya Asiri, dzuwa litapendeka. Yobu anati, "Eish, Sidiki, apa ngakhale ine ndikhoza kugogoda!"

Ndinatumizira mkazi wanga Zakiya chithunzi chimodzi kuti aseke. Sanaseke. Anayankha kuti, "Alhamdulillah, Mulungu watikumbuka." Achemwali, ndinasowa poyambira kumuuza zoona. M'malo mwake ndinadzala mtengo wa mandimu pabwalo mu gemumo n'kutumizanso china.

Dzulo Zakiya anandiimbira kuti pasipoti yake yatuluka. Akwera basi pa 21, ndipo amalume ake, Che Twalha, omwe anaimira ukwati wathu pa nikaha, akumuperekeza kuti adzaone pomwe mwana wawo azikhala. Zakiya wasoka kale makatani anayi, mawindo anachita kuyeza ndi maso pachithunzi.

Ndili ndi mantha. Kukalipa kwa Che Twalha ndikhoza kupirira. Chimene ndikuopa ndi nkhope ya Zakiya akadzaima pakhomo la malatali, chikwama chili pamutu. Mukumudziwa, satukwana munthu. Adzangofunsa kuti basi yobwerera imanyamuka liti.

Chonde pitani kwa iye asanagule tikiti, mukamuwerengere kalatayi osadumpha mzere. Akafunabe kubwera, abwere akudziwa. Akakana, sindimuimba mlandu.

Moni kwa Amayi, koma musawauze kaye, mtima wawo uja sufuna zodzidzimutsa. Moni kwa alamu ndi ana onse. Wa Zakiya muusunge kaye. Akamaliza kumva zonse, mumufunse ngati angaulandire.

Ine mlongo wanu,
Sidiki