Mlendo Wapempha Chifu cha Mbuzi

Loweruka, Januwale. Kwazizira, nkhungu tsiku lonse.

Lero tapha mbuzi chifukwa cha a Moira, mphunzitsi wochokera ku Sikotilandi amene akukhala nafe kuno ku Bembeke. Amuna anga anawasankhira mwendo wonona, koma iwo anapempha chifu, mapapo ndi mtima. Bambowo zinawanyansa. "Mlendo adye mapapo? Anthu atiseka!"

Ine ndinangowapatsa a Moira mpeni ndi mphika. Anaduladula mapapo ndi mtima uja, n'kusakaniza ndi anyezi, tsabola ndi mgaiwa, poti ufa wakwawo kuno kulibe. Analonga zonse m'chifu, n'kusoka ndi ulusi wanga, n'kuwiritsa. Akuti ndi hagisi, chakudya chimene kwawo amadya mwezi uno. Kachewere anamukanya ngati chakudya cha khanda. Ndinadzigwira kuti ndisaseke.

Atangolawa, misozi inalengeza. "Amayi, sichinakome ngati cha malemu bambo anga," anatero. Komabe mbale anaiyeretsa. Inenso ndinadya, n'kuwonjezera dala kuti asachite manyazi.

Tsopano ndikungoganiza za mwana wanga Yohane ku Joni. Akalakalaka nkhwani wotendera, kaya alipo amene amamubwereka mphika...