Handibuleki Yatsopano ya Alamu Anu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kupatula mayi amene bondo likuwavutabe.

Galimoto munatisiyira ija alamu anu aisintha. Ataonera pa foni anthu akuzunguza magalimoto pa mpikisano, anachotsa handibuleki ya waya n'kuikamo yoyendera mafuta a mabuleki, ya chitsulo chachitali chofika pafupi ndi chiwongolero. Akachikoka, matayala akumbuyo amauma osazungulira, galimoto n'kumayenda chammbali. Anakayesera pa bwalo la mpira, fumbi koboo, anthu n'kuwomba m'manja.

Loweruka tinapita ndi mayi ku chinkhoswe kwa Kanduku. Alamu anu anaimika pamtsetse, anakoka chitsulocho n'kuchimanga ndi lamba, ife n'kutsika kukapereka moni. Mayi anatsalira kaye chifukwa cha bondo lija. Sitinkadziwa kuti buleki yotereyi ikakhalitsa imafooka. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo yokha, mayi ali momwemo, mpaka inakatsamira mtengo wa nachesi.

Mayi sanavulale. Anatsika, anakonza duku, n'kunena kuti, "Apongozi, galimoto yanu njira yakwathu ikuidziwa, koma ine ndibwerera wapansi." Anayendadi, ndi bondo lomwelo.

Chonde tipezereni waya wa handibuleki yakale ija, mupatsire amathiraki odzera pa Zobue. Panopa tikuyenda ndi mwala wotchingira tayala, ndipo ukukhala pa mpando wa mayi.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati