Njere Zimene Anagula a Tayi

Lolemba, 3 Malichi

Fakitale yonse lero fungo la pulasitiki wopserera. Chibaluni cha pulasitiki chimene timadulamo majumbo chikangokwera pang'ono chikuyamba kuvina, kenako chagwa. A Chipewa, oyendetsa makina, thukuta kamukamu, mota ikulira momvetsa chisoni. Ndakayang'ana matumba a njere za polietilini, zimene timasungunula popanga majumbo: si aja a masiku onse. Wagula ndani? A Tayi, ndani winanso. Mlamu wawo wa bwana, wogula katundu amene sanagwirepo njere ndi dzanja kuopa kuda.

Miyezi yanga yoyeserera ntchito ku labu ikutha Lachisanu lino. Tsoka nalo limadziwa kusankha sabata.

Lachiwiri, 4 Malichi

A Tayi alowa mu labu osagogoda. "Mtsikana iwe, tayeza izi." Ati iwe, munthu ndili ndi mwana wa kusukulu.

Ndasungunula njere zakale ndi zatsopano m'kachipangizo kathu koyeza mmene pulasitiki amadonthera pa kabowo. Nambala yatuluka yofanana. Amwetulira mpaka mano akumapeto. "Ndiye vuto ndi njere kapena anthu?"

Ndawauza kuti kachipangizoko kamakankha mwaulemu, pamene makina amakankha mwankhanza. Mkati mwa pulasitiki tizidutswa tosaoneka ndi maso timalumikizana ngati unyolo. Njere zakale unyolo wake uli ndi nthambi zitalizitali. Ukazikankha mwamphamvu zimafewa n'kuyenda, zikatuluka nthambizo zimakolana n'kugwira chibaluni chisagwe. Zatsopanozi anazipanga ndi mankhwala ena otchedwa metalosini, unyolo wake ndi wowongoka, tinthambi tifupitifupi tofanana. Zimafuna moto wochulukirapo kuti zisungunuke, ndipo ukazikankha sizigonja msanga. Si zoipa ayi, majumbo ake amalimba, koma si za makina okalamba ngati athuwa.

Iwo akuti, "Za nthambizo ukawauze a zankhalango." Mwayi wawo chosungunulira chinali kutali ndi dzanja langa.

Lachitatu, 5 Malichi

Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ndilibe zina zolemba.

Lachinayi, 6 Malichi

A Tayi alamula a Chipewa kuti awonjezere liwiro. Pepala latuluka lokhakhala ngati sandipepa, lonse lotaya. Tangoganizani, munthu wosadziwa ngakhale pozimitsira makina.

Masana ndikudutsa pa ofesi ya bwana, chitseko chosatseka bwino. Mawu a a Tayi: "A ku labu ayeza okha, njere n'zofanana. Mkuluyu ndiye watha, manja akunjenjemera." Nambala yanga yomwe ija ndi imene akufuna kuchotsera a Chipewa ntchito. Ndinaima pamenepo mtima ukuwira. Ndimadana naye munthu ameneyu, ndikulemba kuti ndisadzaiwale.

A Chipewa amva kale. Ndawapeza kuseri kwa makina akupala pulasitiki wouma ndi kampeni. Akuti, "Mayi, musadzivute nane. Inu muli ndi mwana wamng'ono." Mawu amenewa andipsetsa mtima kuposa a a Tayi. A Chipewawo alibe ana kodi?

Kunyumba achemwali nawo nyimbo ndi yomweyo: "Tseka pakamwa, Lachisanu lidutse, akulembe kaye." N'zosavuta kunena uli pa mpando wako wako. Koma sakunama.

Lachisanu, 7 Malichi

Msonkhano mu ofesi ya bwana. A Chipewa aima pafupi ndi chitseko, sanawapatse mpando. A Tayi akuseweretsa makiyi a galimoto.

Bwana akuti, "Mayi, mwayeza ndinu. Njerezi zili bwino kapena ayi?"

Ndikanangoti zili bwino, silikanakhala bodza. Ndinali nditakonzeka kale kutero. Kenako a Tayi ananditsinzinira diso ngati ndine mnzawo, basi zinathera pomwepo.

Ndati, "Njere zili bwino, bwana, koma si za makina athu. Anagula zolakwika. A Chipewa alibe mlandu."

A Tayi: "Ukunena ine?"

"Ndikunena amene anagula."

Ndafotokozanso za nthambi zija, bwana akumvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Kenako, "Zikomo mayi, tamva." Za ntchito yanga sanatchule. Potuluka a Tayi andiyang'ana ndi diso la nkhwezule, ine ndawabwezera lomwelo.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndachapa gawuni ya ku labu, ndasita. Achemwali sakundilankhula.

Lolemba, 10 Malichi

Ndafika pageti, a mlonda atuluka m'kanyumba kawo, maso pansi. Akuti, "Pepani mayi, andiuza kuti musalowe. Ati nthawi yanu inatha Lachisanu." Andipatsa kapu yanga ndi nsapato za ntchito.

Ndili chiimire, kumbuyo kwanga hutala. Lole yodzaza matumba, ndawerenga zolembedwa pa thumba: njere zakale zija, za nthambi zitalizitali. Ndiye kuti bwana anamva ndithu.

A mlonda akuti, "Tasunthani pang'ono mayi, lole ilowe."

Ndasuntha.