Vitumbuwa mu Fomu ya Boma

Lachitatu.

Poweruka ndagula vitumbuwa kwa amake Chisomo pamsika wa Mtendere. Andikulungira m'pepala. Kuyang'anitsitsa, ndi fomu ya ku ofesi kwathu: dzina la mayi wina, nambala ya chitupa, foni, ngakhale matenda ake. Ntchito yanga m'boma ndi kuteteza zinsinsi zoterezi.

Ndawafunsa kumene amatenga mapepalawo.

"Ba draiva banu bamatigulitsa saka yonse," andiyankha akumwetulira. "Ni pepala yabwino, imamwa mafuta."

Mafomu amenewa ndinasainira ndekha sabata yatha kuti atenthedwa. Draiva wa ku ofesi ndiye anawatenga kukatentha, motowo sindinapite kukauona.

Mawa abwana akafunsa, dzina lili pansi pa lipoti la motowo ndi langa, osati la draiva. Vitumbuwa vili patebulo, vazizira. Mayi wa pa fomuyo ndikumudziwa, timaimba limodzi kwaya.